Mnyamata amene anandibera mtedza ndiye anaumba njerwa zoyamba

Unali mwezi wa July chaka cha 2016, kukuzizira kolowa m'mafupa monga kumachitira kuno ku Mchinji. Ndinalawirira kuti ndikoleze moto ndipo ndinapeza chitseko cha kachipinda kanga kosungiramo mbewu chili chitsegukire, loko atamupotokola ndi chitsulo. Matumba awiri a mtedza wosenda, lililonse la makilogalamu 50, kunalibe. Pansi panangotsala njere zomwazika kulowera ku njira ya kudambo. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, moto osakolezanso.

Amene mukukumbukira chaka chimenecho mukudziwa kuti kunali njala. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo mu April boma linali litalengeza kale kuti dziko lili pa ngozi. Chimanga changa sichinafike ndi theka lomwe la nkhokwe. Bambo a ana anga anatisiya mu 2013, choncho mtedza umenewo ndiwo unali fizi ya mwana wanga wamkazi yemwe anali Fomu 3, unali feteleza wa chaka chotsatira, unalinso mchere ndi sopo.

Wakubayo sanavute kupeza. Thumba limodzi ndinali nditalisoka chigamba cha chitenje chofiira, ndipo achimwene anga analizindikira lili pafupi ndi sikelo ya venda wina pamsika. Vendayo ataopsezedwa anatchula amene anamugulitsa. Anali mnyamata wa zaka 15 wa nyumba yachinayi kuchoka panga, mwana amene ndinamuberekapo kumbuyo mayi ake akudwala, mayi amene timavala nawo yunifolomu imodzi ya Chigwirizano.

Pofika masana anyamata anali atamumanga manja ndi mphira wa njinga, akumukwapula uku akuyenda naye. Wina anatchula za petulo. Ndikufuna ndinene zoona pano chifukwa ndikabisa nkhaniyi siithandiza munthu: ine ndinali m'gulu la okuwa. Sindinamumenye, koma sindinaletsenso aliyense. Anamupulumutsa ndi achitetezo a m'mudzi amene anamulanda n'kupita naye kupolisi, komwe anagona m'chitolokosi masiku awiri.

Kupolisiko mayi wina wa ku ofesi yoona za ana ndi nkhanza za m'banja anandikhazika pansi. Anandiuza kuti pali lamulo la chaka cha 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, ndipo lamuloli limalola kuti mwana amene wavomera kulakwa pa mlandu wosaopsa kwambiri asadutse njira yonse ya kukhoti, koma akonze chimene wawononga ali kwawo. Ndinakana. Ndinati mwana ameneyu akalowe, aone. Mayiyo sanandikakamize. Anangoti ndikagone nayo nkhaniyo.

Madzulo ake kunabwera aphunzitsi ena opuma pantchito, amene tonse timangowatchula kuti agogo aphunzitsi. Ndinkadziwa kuti ndi amkhalapakati, koma ndinkayesa kuti ntchito yawo ndi ya mabanja okangana basi. Anakhala pa mpando wa ndalema, chipewa pa bondo, ndipo kwa nthawi yaitali anangondimvetsera ndikulira ndi kutukwana. Sananene mawu oti ndikhululuke, ngakhale kamodzi. Nditatopa anandifunsa kuti, "Mayi, tinene kuti mwanayu wapita. Lolemba likubwerali mtsikana wanu apita ndi chiyani kusukulu?" Kenako anati, "Nanga akadzabwerako, mudzatunga madzi pa mjigo uti, inu ndi mayi ake?"

Mafunso awiri amenewo anandisowetsa tulo. M'mawa mwake ndinatuma mwana kukawauza kuti ndavomera kukumana.

Tinakumana kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango, anthu asanu ndi mmodzi okha: ine ndi achimwene anga, mnyamatayo ndi amalume ake, agogo aphunzitsi ndi mayi wina mkhalapakati mnzawo. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, choncho mwinimbumba ndiye amasenza mlandu wa mphwake. Bambo ake omubereka anali atalowera ku Chipata kalekale. Asanayambe, amkhalapakatiwo anafotokoza kuti iwo si oweruza, sagamula mlandu, salandira kanthu, ndipo zolankhulidwa pamenepo zithera pamenepo. Aliyense anali ndi ufulu wonyamuka nthawi ina iliyonse.

Anandipatsa ine mpata woyamba. Ndinamuuza mnyamatayo za mizere imene ndinalima ndekha, za usiku umene ndinkasenda mtedzawo mpaka zala kutuluka matuza, za mwana wanga amene anali atabwezedwa kale kawiri chifukwa cha fizi. Iye anali atazolika, diso limodzi lotupa, akukanda pansi ndi kamtengo. Itafika nthawi yake mawu ankachita kutuluka movuta. Anati, "Amayi, ndalama ina ndinagula chimanga ndowa ziwiri, kunyumba tinagona ndi njala masiku atatu." Anakhala chete, amalume ake n'kumugunda ndi chigongono. Ndipo anapitiriza kuti, "Ina ndinagula foni."

Foniyo inandipsetsa mtima kuposa china chilichonse, komabe ndi imene inandichititsa kukhulupirira kuti mwanayu sakunama. Akanafuna akanabisala kumbuyo kwa njala yokha.

Tinamangana mfundo zinayi. Foni igulitsidwe ndalama ibwere kwa ine sabata yomweyo. Amalume ake adzabweze thumba limodzi la mtedza akadzakolola. Mnyamatayo azithirira m'dimba mwanga Loweruka lililonse mpaka mvula itagwa. Yachinayi anaiwonjezera ndi mayi mkhalapakati uja ndipo ine ndinavomera monyinyirika: abwerere kusukulu, pakuti anali atasiyira Sitandade 7. Zinalembedwa m'kope, tinasayina, amalumewo anadinda chala, ndipo pepala lina linapita kupolisi.

Musaganize kuti tinachoka pamenepo tikuseka. Miyezi yoyamba ndinkamusiyira kheni pa chitsime n'kuchokapo kuti ndisamuone nkhope. Mayi ake ndi ine tinatha pafupifupi chaka tikulambalalana panjira. Tinadzayankhulana pa maliro, tikuphika ndiwo mumphika umodzi, poti pamenepo palibe kothawira. Koma fizi inapezeka, thumba linabwera mu June 2017 monga tinapanganira, ndipo loko wanga sanathyoledwenso.

Chaka chimenecho agogo aphunzitsi anandipempha kuti ndizikhala nawo pa milandu ya amayi, ndiphunzire. M'pamene ndinadziwa kuti ntchitoyi ili ndi mbiri yake. Bungwe la PASI, limene linayamba m'chaka cha 2000 ndi ntchito yothandiza anthu osungidwa m'ndende kumvetsa malamulo, ndilo linadzayambitsa ndondomeko ya amkhalapakati a m'midzi cha m'ma 2008, potengera zimene anthu a ku Madaripur m'dziko la Bangladesh akhala akuchita kwa zaka zambiri. Cholinga chinali choti timilandu ting'onoting'ono tizithera kumudzi, tisamakadzaze ndende za ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linanena poyera kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 13, amalimbikitsa kuthetsa kusamvana pokambirana ndi poyanjanitsa. Agogo aphunzitsi ankakonda kutikumbutsa zimenezi kuti tisamadzione ngati tikuchita zozemba boma.

Koma chimene ndikufuna kuuza anzanga amene muli ndi magulu otere kwanuko ndi cha mmene gulu lathu linatsala pang'ono kufa, ndi amene analidzutsa.

M'dera lathu anthu amene anaphunzitsidwa poyamba, ndi bungwe lina limene linabwera ndi thandizo la kunja, anali khumi ndi awiri. Analandira njinga, malaya olembedwa ndi kandalama ka nkhomaliro pa misonkhano. Thandizolo litafika kumapeto, monga thandizo lililonse limathera, njinga zinayamba kugona m'nyumba chifukwa chosowa matayala, ndipo anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Pamene ine ndinkalowa anali atatsala atatu. Sindikuwanyoza amene anachokawo. Mlandu umodzi umatha kukudyera masiku atatu a kumunda, ndipo palibe amene amakulimira. Tinakhala chaka chathunthu tikulemba makalata opempha thandizo, kudikira galimoto yoyera imene sinabwere. Tsiku lina agogo aphunzitsi anapinda kalata imene tinkalemba n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, tiyeni tione amene tili nawo pafupi.

Amene tinali nawo pafupi anali anthu amene anadutsapo m'manja mwathu. Tinawerenga m'kope muja: mabanja amene anali pafupi kutha, anthu okanganirana malire a munda, angongole, eni mbuzi zimene zinadya mmera wa eni, anyamata omenyana ku mpira. Aliyense wa iwo ankadziwa ndalama imene akanawononga pa thiransipoti yopita kuboma kangapo konse, mlandu n'kumangosunthidwa tsiku.

Apa panali msampha, ndipo ndikuchenjezeni. Mukangoyamba kulandira nkhuku kwa munthu amene mwamuthandiza, mawa mnzake adzati munagulidwa. Choncho tinaika lamulo lolimba: mkhalapakati salandira kanthu kwa munthu amene ali ndi nkhani, ngakhale chipanda cha thobwa, nkhani isanathe ngakhale itatha. Wofuna kuthandiza gulu azipereka pa msonkhano wa mudzi, anthu akuona, mlembi alembe, ndipo msungichuma asakhale mkhalapakati. Tinasankha mayi wina wogulitsa mandasi amene aliyense amadziwa kuti sabweza chenje choperewera. Miyezi itatu iliyonse amaima pabwalo n'kuwerenga zolowa ndi zotuluka, mpaka mtengo wa chubu cha njinga.

Oyamba kutigwira dzanja anali amayi a banki m'khonde. Iwo anali ndi vuto lawo: wina akalephera kubweza ngongole ankakamulanda ziwiya ndi malata, chidani n'kubuka. Titawathandiza kangapo kupangana kabwezedwe popanda kulandana katundu, magulu atatu anagwirizana kuti pa thumba lawo la zadzidzidzi azipatula K500 mwezi uliwonse. Ndi yochepa, koma inkagula makope, zolembera ndi mayunitsi. Anyamata a kabaza, amene tinawayanjanitsa atamenyana polimbirana siteji, anati mkhalapakati akamapita ku nkhani azimunyamula ulele, ndipo mpaka lero amatero. Mpingo wathu unatipatsa kachipinda ka kumbuyo, koma tinaona kuti ena samasuka kulowa m'tchalitchi cha eni, ndiye Akatolika ndi Asilamu a pamsika nawonso anatitsegulira malo, munthu azisankha yekha kumene akufuna kukhala. Chaka cha 2019 chisanathe tinalipo asanu ndi anayi, asanu mwa ife amayi, ndipo midzi iwiri yoyandikana nafe inatumiza anthu awo kuti adzaphunzire.

Za mafumu ndinene mosamala, pakuti ndi makolo athu. Poyamba nduna zina sizinakondwe nafe. Kubwalo munthu amapereka chabwalo, wolakwa amalipa chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi, ndipo ife tinkathetsa nkhani ulele. Kunamveka mawu oti tikulanda ufumu. Tikanayankha mwamwano gulu likanathera pomwepo. Tinapita kwa amfumu ndi ulemu wonse, tinakhala pansi, ndipo agogo aphunzitsi anati, "Zikomo amfumu, ife ndife ana anu, tabwera kuti mutiuze malire athu." Tinagwirizana kuti nkhani za ufumu, za manda ndi za kugawa malo ndi zawo, ife sitizikhudza. Mwezi uliwonse timakawauza kuchuluka kwa nkhani zimene tathetsa, osatchula maina. Patapita nthawi anayamba okha kutitumizira anthu, makamaka nkhani za m'nyumba zimene mayi sangaziulule pa bwalo podzaza amuna.

Chiyeso chachikulu chinabwera mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Usiku wina kunabwera akuluakulu a mabanja awiri kunyumba kwanga, atagwirizana kale. Bambo wina wa banja lake anali atapereka mimba kwa mtsikana wa zaka 13. Iwo ankafuna ife tingolemba m'kope kuti nkhani yatha, mbuzi ziwiri ndi ndalama zaperekedwa. Anandiuza kuti, "Mayi, inu nomwe munakhululukira wakuba, lero mukufuna kumangitsa munthu wa ana asanu?"

Mawu amenewo anandilasa, poti anali ndi kachoonadi kake. Koma mtedza umabwezedwa ndi mtedza. Chimene mwana uja analandidwa palibe mbuzi ingabweze, ndipo iye sanali pa zokambiranazo, anali kunyumba akulira. Kugona ndi mwana, kugwiririra, kupha, kuvulaza munthu koopsa, kuba ndi zida, zimenezi si za mkhalapakati, ndi za polisi ndi khoti. M'mawa mwake ine ndi mnzanga tinaperekeza mtsikanayo ndi azakhali ake kuchipatala ndi kupolisi.

Mudzi unagawikana. Gulu limodzi la banki m'khonde linasiya kupereka. Anthu ankati tikamadutsa amatsokomola. Miyezi inayi inatha popanda munthu wobwera ndi nkhani, ndipo awiri mwa ife anasiya chifukwa cha mawu a abale awo. Ine ndinkagona ndi mpini pafupi ndi chitseko. Panthawi yomweyo tinadzipweteka tokha: mmodzi wa ife anauza mkazi wake nkhani ya banja lina, mkaziyo n'kukaitula pa mjigo. Tinapita tonse kukapepesa kwa eni nkhaniyo, ndipo mnzathuyo tinamupempha kuti apume. Zinali zowawa chifukwa anali munthu wakhama, koma chinsinsi chikangotuluka kamodzi anthu amabwerera ku zibakera.

Anatidzutsa ndi amayi. Anayamba kubwera mmodzimmodzi, madzulo, ena ngati akudzapempha moto. Mmodzi anandiuza kuti, "Tinkafuna tione ngati mugulidwe ndi mbuzi zija." Pa msonkhano wa mudzi wotsatira, gogo wina wachikazi amene sindinamumvepo akulankhula pagulu anaimirira ndi ndodo yake, anamasula mfundo ya pa chitenje n'kuika K200 pa tebulo la msungichuma, osanena kanthu. Amayi ena anatsatira. Tsiku limenelo ndinalira pamaso pa anthu.

Kuyambira pamenepo ntchito inakula mbali imene sitinaiganizire. Bambo wina anatuluka ku Maula atakhalako zaka zinayi chifukwa choba ng'ombe, ndipo anapeza nyumba yake itagwa, anthu akutseka zitseko akamuona. Kanthu kakasowa m'mudzi, dzina loyamba linali lake. Ku Balaka kuli nyumba ya bungwe la Prison Fellowship kumene ena otsala pang'ono kumaliza chilango amaphunzira ntchito zamanja asanabwerere kwawo, koma ambiri amangotuluka ndi kajumbo m'manja. Tinayamba ndi kukaonana ndi mwini ng'ombe uja, katatu konse, mpaka anavomera kukhala naye pansi. Sanagwirane chanza tsiku limenelo. Koma mwini ng'ombeyo ananena pamaso pa amfumu kuti mlandu unatha, ndipo mawu akewo ndi amene anatsegula zitseko zina. Achinyamata a mpingo anamuthandiza kufolera nyumba. Lero tikamva kuti wina watsala pang'ono kutuluka, timayamba kuyendera abale ake ndi amene anawalakwira iye asanafike.

Amene mukufuna kuyamba, musathamangire kulembetsa dzina la bungwe ndi kudinda zidindo. Ife tinayambiranso ndi kope la masamba 80 ndi anthu atatu amene mudzi unkawakhulupirira kale. Pitani kupolisi ya kwanuko mukadziwane ndi a ofesi ya ana ndi nkhanza za m'banja, funsani apalaligo, alangizi a zamalamulo amene amayendera makhoti ndi ndende, kuti akuphunzitseni malire a lamulo, pakuti mtima wabwino wokha ukhoza kukulakwitsani. Ndipo pangano likalembedwa musaliiwale m'kope. Muzibwerera pakatha sabata ziwiri, pakatha mwezi, kukaona ngati mbuzi inaperekedwadi. Wolakwiridwa akaona kuti mwamusiya yekha ndi pepala, sadzabweranso, ndipo adzauza ena.

Agogo aphunzitsi anamwalira mu 2021. Chaka chotsatira amfumu anatipatsa kamalo pafupi ndi bwalo la mpira kuti timange kanyumba kathu, anthu asamasowe pokhala mvula ikamagwa. Tinalengeza kuti banja lililonse lofuna libweretse njerwa makumi asanu. M'mawa wa tsiku loyamba ndinapita kukaona malowo ndipo ndinapeza munthu ali kale m'dzenje, matope mpaka m'mawondo, chikombole m'manja. Anali mnyamata uja. Sukulu anafika nayo Fomu 2, kenako anaphunzira zomangamanga kwa amalume ake, ndipo pano ali ndi mkazi ndi mwana mmodzi. Ndinamufunsa kuti wamutuma ndani. Anati, "Palibe, amayi. Ndinamva kuti pakufunika njerwa." Anaumba zokwana 1,500 yekha, ndipo khoma lonse anamanga ndi iye pamodzi ndi bambo wa ng'ombe uja, osalandira kanthu koma nsima ya masana imene amayi ankaphika mosinthana.

Ndalama ya malata tinasonkha chaka chathunthu. Titatsala pang'ono kukagula, mu November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene ikanakwana denga lonse inangogula theka. Tinakhoma malata mbali ya chipinda chokambiramo nkhani, mbali ya khonde tinafolera ndi udzu. Msungichuma wathu akuti tikakolola soya chaka chino tiyambirenso kusonkha. Lachinayi likubwerali tili ndi nkhani ya abale awiri amene akukanganirana ngolo ya malemu bambo awo, ndipo wamkuluyo wanena kale kuti iye pa mphasa imodzi ndi mng'ono wake sakhala, ndiye ndabwereka mpando wina ku sukulu.